Masitepe Atatu a Pakhonde Pathu

Nyumba yathu ya ku Matawale, ku Zomba, tinaimanga pamalo otsetsereka, ndiye khonde lake linali lokwera. Kuchoka pakhomo kufika pabwalo panali masitepe atatu. Zaka zonse zimene tinakhalamo sitinawaganizirepo. Ana ankangowalumpha, ine ndinkatsika nditasenza ndowa osayang'ana pansi. Tinayamba kuwaona amuna anga atadwala sitiroko.

Iwo anali dalaivala wa galimoto za boma, munthu wozolowera msewu, wosatha kukhala pamodzi. Potuluka m'chipatala, mkono ndi mwendo wa kumanzere zinali zitafa. Kulankhula ankalankhula, koma mokoka. Achibale anawapezera chikuku, njinga ya anthu osatha kuyenda ija, ndipo m'nyumba chinkathandiza ndithu. Koma chikafika pakhomo chinkaima. Kuti atsike pankafunika amuna awiri owanyamula. Tsiku lina anansi athu atawanyamula ngati thumba la chimanga, amuna anga anadikira kuti anthuwo apite, n'kundiuza kuti, "Mayi, musadzaitanenso anthu. Ine ndizikhala momwemuno."

Ana athu anali atakula n'kuchoka, wina ku Blantyre, wina ku Mzuzu. Miyezi inayi amuna anga ankaonera dziko pawindo.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yotaipa pa ofesi ina ya pa yunivesite. Pakhomo la nyumba ina kumeneko anali atamanga njira ya simenti yotsetsereka, yoti chikuku chizikwera, ndipo ndinkati ndikamadutsa ndinkaima n'kumaiyang'ana. Ndinapita kwa mmisiri wina. Iye anati abwera sabata yamawa, ndipo sabata yamawayo inatha mwezi. Kenako ndinadzifunsa kuti, kodi ine si uja ndinakula ndikuumba njerwa ndi mayi anga kumudzi? Simenti ndikanatha kugula, mchenga nawo sunali wovuta. Chovuta chinali zida. Anthu obwereketsa mawilibala ndi mafosholo kumsika amalipiritsa patsiku, pamene ine mpata ndinkaupeza ndikaweruka basi, ndi Loweruka. Ndikanalipira tsiku lathunthu kuti ndigwire ntchito ola limodzi.

Mnzanga wa ku ofesi ndi amene anandiuza za nyumba ya zida. Anati amisiri ena opuma pantchito, omanga, akalipentala ndi a mapaipi, anasonkhanitsa zida zawo zakale m'kachipinda kuseri kwa holo ya m'dera lathu, kuti aliyense wokhala m'deramo azibwereka ulere. Zinali zaka zimene timagulu tambiri tinkabadwa ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, anthu atazolowera kuti akhoza kukumana n'kuyambitsa chinthu osayamba ayang'ana kumbuyo. Ine ndinali nditadutsa pa holoyo kambirimbiri osadziwa.

Ndinapita Lachiwiri madzulo. Kachipindako kanali kakang'ono, kakununkha oyilo ndi utuchi. Pakhoma anakhoma misomali, ndipo chida chilichonse anachijambula ndi makala pamalo pake, moti chikachoka pankatsala chithunzi chake. Wosunga zidazo anali bambo wachikulire wovala chisoti cha Chisilamu, amene ankapalasa njinga kuchokera cha ku Songani. Aliyense ankangowatchula kuti aFolomani, chifukwa ndiyo inali ntchito yawo asanapume. Anandiuza malamulo ali chiimire: chida chimakhala kwa munthu sabata imodzi, chibwere chotsuka, usachipatsire wina, ndipo Lachisanu masana usabwere chifukwa amakhala ali ku mzikiti.

Nditafotokoza chimene ndinkafuna, anafunsa, "Amange ndani, amayi?"

"Ine ndemwe."

Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anangoti, "Khondelo ndi lalitali bwanji?"

"Limandifika m'bondo, kupitirirako pang'ono."

"Nanga njirayo italike bwanji?"

Zimenezo sindinaziganizire.

Anandipatsa piki, fosholo, wilibala ndi tepi yoyezera. "Kagumuleni masitepewo, muthire zidutswa za njerwa ndi dothi, mutsindire. Simenti musathire. Chipande chosalazira simenti ndi levulo woyezera kupendama ndibweretsa ndekha Loweruka."

Ndinakankha wilibalayo mumsewu wa Matawale nditavala zovala za ku ofesi, zida zikulira kwekwere! kwekwere! Amayi ogulitsa tomato anandifuulira kuti, "Achemwali, mwalembedwa ntchito kuti?" Ndinawayankha kuti kwathu komwe.

Masitepe ndinagumula madzulo awiri. Manja anatuluka matuza, koma mtima unali mbee. Vuto linali lakuti kutsogolo kwa khonde kunali bedi langa la mpiru, limene ndinkalikonda kwambiri. Pofuna kulipulumutsa, ndinapanga njira yaifupi yothera pomwe mpiruwo unayambira. Kwa ine inkaoneka bwino.

Loweruka m'mawa aFolomani anafika, levulo atamangirira kukaliyala. Anapereka moni kwa amuna anga, amene anali pampando wa ndalema pafupi ndi khomo, kenako anayang'ana ntchito yanga kwa kanthawi. Anatenga matabwa awiri amene anali kuseri kwa nyumba n'kuwayala pamwamba pa dothi ndinatsindira lija.

"Amayi, tabweretsani chikukucho. Khalanipo."

"Ine?"

"Inu amene. Mmisiri amayamba walawa yekha."

Ndinakhalapo. Anandikankha pang'ono chabe n'kusiya. Mayo ine! Chikuku chinathamanga ngati chaona mdani, ndipo ndisanagwire n'komwe mateyala ndinapezeka ndili chagada pakati pa mpiru womwe ndinkauteteza uja, chitenje chili uko, nsapato imodzi ili uko. Sindinavulale. Ndili pansi pomwepo ndinamva phokoso limene ndinali nditaliiwala: amuna anga ankaseka. Ankaseka ndi mbali imodzi ya nkhope, misozi ikutsika, dzanja lamanja likumenya pampando. Chidwalireni anali asanasekepo. Nanenso ndinayamba kuseka ndili m'dothi momwemo.

"Mwaona?" anatero aFolomani. "Mpiru umamera kulikonse. Msana wa achimwenewa ndi umodzi."

Tsiku lomwelo tinazula mpiru wonse, wina tinaphika, wina ndinagawira anansi. AFolomani anandionetsa kukhoma zikhomo ndi kukoka chingwe kuchokera pakhonde mpaka pafupi ndi mtengo wa mapeyala, kutalika kwake kuposa katatu njira yanga ija. Kenako anatembenukira kwa amuna anga.

"Achimwene, ndamva kuti munali dalaivala. Msewu wokwera kuphiri kuja mumaudziwa?"

"Ngodya iliyonse," anayankha amuna anga mokoka.

"Ndiye tayang'anani chingwechi. Pamenepa mungakwere ndi giya yanji?"

Amuna anga anapendeketsa mutu, nayang'ana nthawi yaitali. "Giya thuu. Tsitsani pang'ono kumtundaku, talikitsani kumunsiko. Ndikufuna poti ndikwere ndi giya filii."

Tinasuntha chikhomo. AFolomani anawaika levulo pamiyendo, nawaonetsa kadontho ka mpweya kamene kamayenda m'kagalasi. "Ameneyu ndi wanu. Amayi akathira simenti, inu muziona ngati mbali ina yapendama. Akakana kumva, mudzandiuze." Atatero anamwa tiyi, nakwera njinga yawo. Sanagwire chipande ngakhale kamodzi, kupatula pondionetsa kagwiridwe kake.

Ntchitoyo inanditengera masabata atatu. Lachiwiri lililonse ndinkapita kukanena kuti zida ndikadali nazo, ndipo iwo ankangofunsa pamene ndafika, n'kundiuza kuti ndipitirize. Ndikanakhala kuti ndinachita hayala, bwenzi nditathamanga n'kuwononga. Koma apa ndinkasakaniza simenti yochepa, yokwana chigawo chimodzi, n'kusiya dzuwa likamalowa. Amuna anga ndinkawaika m'chikuku m'mphepete mwa khonde. Ndikasalaza, ndinkaika levulo pamene alozapo, iwo n'kuwerama kuti aone. "Kumanzere kwatsika, mayi." Nthawi zina tinkakangana ndithu, ine ndikuti zili bwino, iwo akuti ayi. Kawirikawiri olondola anali iwo. Ndinazindikira kuti mawu awo ayamba kumveka bwino akamandidzudzula kusiyana ndi pamene ndinkawafunsa za m'thupi.

Simenti isanaume ndinkaikanda ndi tsache, monga anandilangizira aFolomani, kuti pasamaterere. Ku Zomba kuno mvula yowaza ikhoza kutsika kuphiri mwezi uliwonse. Chogwirira cha m'mbali ndinapanga ndi mitengo ya paini imene ndinagula kwa amayi otsika nayo kuphiri atasenza pamutu. Pa ntchito imeneyo ndinabweza piki n'kubwereka sowo ndi hamala. Kudula ndinadula mokhota, ndipo mpaka lero mtengo umodzi ndi wamfupi kuposa unzake, koma ndi wolimba.

Titamaliza tinafunditsa masaka n'kumathirira madzi m'mawa ndi madzulo sabata yathunthu. Sabata imeneyo inatalika kwa tonse awiri.

Tinatsika Lamulungu m'mawa, mwezi wozizira, phiri litafunda nkhungu mpaka pakati. Amuna anga ndinawaveka juzi ndi chipewa. Ndinagwira chikuku kumbuyo, koma iwo anati, "Musagwire kwambiri." Anatsika pang'onopang'ono, dzanja lamanja likutsetsereka pa mtengo wa paini, mpaka mateyala anagunda dothi la pabwalo. Kenako anati ndiwapititse kugeti.

Tinakhala pageti mpaka dzuwa linatentha. Anthu opita kutchalitchi ankaima kuwapatsa moni, ena odabwa chifukwa ankaganiza kuti tinawatumiza kumudzi. Minibasi ina itadutsa kumsewu ikutsokomola, iwo anapukusa mutu n'kunena kuti dalaivala ameneyo akupha injini. Pobwerera ndinawakankha ndekha kukwera, osapuma ngakhale kamodzi.

Zida ndinazitsuka ndi madzi a sopo, chipande ndinachipala mpaka kuwala. Teyala la wilibala linali litaphwa, ndiye ndinakamatitsa kwa okonza njinga ndisanabweze. AFolomani anayang'ana chimodzichimodzi, nachikoleka pa chithunzi chake. Atafika pa levulo anafunsa, "Folomani wanga ali bwanji?" Ndinati ali pageti, akuweruza madalaivala. Anaseka, nati m'chilankhulo chawo, "Sikomo kwejinji," kutanthauza zikomo kwambiri, ngati kuti ine ndi amene ndinawabwereka kanthu.

Kuyambira pamenepo ankapatuka kwathu masiku ena popita ku Songani, n'kukhala ndi amuna anga pansi pa mtengo wa mapeyala, kukamba za misewu ndi milatho imene wina anamanga, wina n'kuyendetsapo galimoto. Amuna anga anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo masiku ambiri a zaka zimenezo anawathera panja.

Ine sindinasiye kubwereka. Ndinatenga makwerero pokonza denga, ndinatenga sipanala ya mapaipi mpopi utayamba kudontha. Chaka chotsatira, amuna anga akadali moyo, kunabwera mayi wina wa kuseri kwa msika, amene apongozi ake anadulidwa mwendo chifukwa cha matenda a shuga. Anaima pageti n'kufunsa kuti mmisiri amene anatimangira njirayo amakhala kuti. Amuna anga anandiloza ndi chibwano. Mayiyo anaganiza kuti akuseka, mpaka nditamuonetsa zipsera za m'manja. Lachiwiri lotsatira ndinamuperekeza ku holo, ndipo Loweruka lake ndinapita kwawo nditanyamula chingwe ndi zikhomo. Khonde lawo linali lalifupi kuposa lathu, moti tinamaliza m'masabata awiri.