Makina Anga Anatsala ku Nathenje

Ndinagwa Lachinayi m'mawa ndikusoka kolala ya yunifolomu ya mwana wasukulu. Ndinali pamalo panga pa masiku onse, pakhonde la golosale ina ku Nathenje, pomwe ndinasokerapo zaka zambiri mpaka miyendo ya makina anga inakumba timaenje pasimenti. Phazi lamanja linangotsetsereka pachopondera. Ndinati ndilibwezere, linakana. Ndinati ndiitane mwini golosale, pakamwa panga panatuluka mawu omwe ngakhale ine mwini sindinawamve. Za mmene ananditengera kuchipatala ndimangochita kuuzidwa.

Adokotala anati ndi sitiroko, yobwera ndi bipi yomwe ine ndinkaichiza ndi mapiritsi a mutu ndi makani. Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinali ngati za munthu wina amene wangozisiya pabedi panga. Ana athu awiri anali kutali, wina ku Joni, wina kubanja kumpoto, ndiye wondiyang'anira anali amuna anga. Tsiku lotuluka m'chipatala anawerama pafupi ndi khutu langa nati, "Mayi, ndi bwino mukakhale kaye kwa achemwali anu ku Mitundu. Chipatala chili pafupi, mafizo olimbitsa ziwalo simuzivutikira."

Ndinaona kuti alankhula zanzeru. Ndinafunsa chinthu chimodzi chokha, ndi pakamwa panga popindikapo. "Makina?"

"Ali bwino. Tawalowetsa kuchipinda, tawavundikira chitenje. Inu zingochirani."

Makinawo ndi aakulu kuposa banja langa. Ndinawagula ndisanakwatiwe, nditalima mtedza zaka ziwiri m'munda wa mayi anga, ndipo ndi omwe anaphunzitsa ana ndi kufolera nyumba malata. Amuna anga ankati ndimawakonda makinawo kuposa iwo. Sindinawatsutsepo.

Atandifikitsa ku Mitundu anandigoneka m'nyumba pamatilesi. Panja, pansi pa mtengo wa mango, ndinkamva mawu a amalume, amene ndi nkhoswe yanga, ndi a nkhoswe ya amuna anga, akulankhula motsitsa. Ndinaganiza kuti abwera kudzazonda matenda, mpaka ndinathokoza Mulungu pondipatsa abale achikondi. Nzeru zanga zinathera pomwepo.

Chilungamo ndichinene: achemwali anga aakulu anandisamala kuposa mmene mayi amasamalira khanda. Ankandisambitsa, kunditembenuza, kundimwetsa phala, kundichapira zomwe sindingalembe pano. Ndi amasiye, ali ndi munda wawo ndi mbuzi zawo zowasowetsa mtendere, koma sanandikwinyirepo nkhope. Ndikalira ankati, "Lira, koma ukamaliza udye."

Kumafizo, mayi wotiphunzitsa anandifunsa ntchito yanga. Nditamuuza kuti ndine telala, anaseka nati basi, mankhwala anu mwawatchula nokha, phazi limenelo lizichita zomwe linazolowera. Titafika kunyumba achemwali anatenga kathabwa, nakaika pamwamba pa mpini wakale wa khasu kuti kazipendama uku ndi uku ngati chopondera. Ankandikhazika pampando pakhonde, nandimangira phazi lakufalo pathabwapo ndi kansalu, ine n'kumaponda. Poyamba linkaponda ndi lamanzere lokha, linzakelo likungokwera ulere. Iwo amakhala pambali akutonola chimanga, akufuula ngati ali kumpira, "Ponda, telala, ponda! Mayunifolomu akudikira!"

Ndinaponda thabwa limenelo miyezi isanu ndi itatu. Mvula inabwera, inapita, anthu anathyola fodya, ine ndikuponda. Dzanja ndinkaliphunzitsa posankha nyemba ndi kutsina mapegi oyanikira zovala. M'mutu mwanga munali kalendala imodzi yokha: sukulu zikamatsegulira ndikhale ndili pakhonde langa, chifukwa nthawi imeneyo makolo amachita kulimbirana telala. Tsiku lomwe ndinalowetsa ulusi pasingano ndi dzanja lamanja, achemwali analiza nthungululu mpaka anthu oyandikana nafe anathamanga kudzaona ngati kwabadwa mwana.

Amayi a chigwirizano a kutchalitchi kwathu ku Nathenje anabwera kawiri, atanyamula shuga ndi sopo. Anaimba, anapemphera, nandiuza kuti malo anga akundidikira, ndipo nsalu zawo sapereka kwa telala wina. Ulendo wachiwiri ndinaona mmodzi atavala bulauzi yoyera yatsopano, kolala yake yopotoka ngati khutu la galu. Maso a telala sadwala sitiroko. Ndinamufunsa amene anamusokera, iye anayang'ana anzake kaye asanayankhe kuti anagula yosokasoka m'tauni. Ndinamuseka, ndinamulonjeza kuti ndikadzuka ndidzamukonzera mwaulere.

Amuna anga anabwera katatu mwezi woyamba, kamodzi wachiwiri, kenako anasanduka mawu a pafoni. Lero thiransipoti yakwera, mawa netiweki ikuvuta. Sindinadandaule kwenikweni. Banja lathu linali litazizira kale ngati tiyi wa dzulo, ndipo chomwe ndinkafunsa nthawi zonse chinali choti kodi makina akuwathira mafuta. Ankati eya.

Kuseri kwa nyumba ya achemwali kuli kanyumba kosungiramo katundu, kokhala kokiya nthawi zonse. Ankati muli feteleza ndi mankhwala a mbewu, fungo lake lingandibwezere matenda. Tsiku lina anapita kumaliro m'mudzi woyandikana, ndipo chifukwa chothamanga anasiya kiyi pachitseko. Nthawi imeneyo ndinali nditayamba kuyenda ndi ndodo. Ndinkangofuna lichero basi.

Feteleza munalibe. Munali mtondo wanga, womwe ndimaudziwa ndi mng'alu wake. Munali mapoto anga, beseni langa, simbi yanga yamakala, matumba awiri a zovala zanga zonse, ndi yunifolomu yanga ya kutchalitchi itapindidwa pamwamba. Ngakhale chithunzi cha malemu mayi anga chomwe chinkakhala pabalaza ku Nathenje chinali momwemo, chitatsamira khoma. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Mkazi aliyense wa kuno amadziwa kuti wopita kwawo kukachira amanyamula kachikwama. Amene amunyamulira mpaka mtondo ndiye kuti amutula. Msonkhano wa pansi pa mango uja sunali wozonda matenda ayi. Ankandibweza kwa abale anga ngati nsalu yomwe yapezeka ndi chilema, ine ndili m'nyumba ndikuwathokozera Mulungu.

Achemwali atabwera anandipeza ndidakali pomwepo. Anayang'ana chitseko, nayang'ana ine, navula mpango kumutu.

"Munadziwa liti?" ndinafunsa.

"Tsiku lomwelo. Katunduyu anabwera sabata yotsatira, iwe uli kumafizo."

"Ndiye miyezi yonseyi mukundiyang'ana m'maso?"

"Iwe, wodwala sauzidwa zoipa. Wayamba liti kusadziwa zimenezo? Ngakhale maliro timati 'adwalika' mpaka munthu afike pakhomo. Bipi yako inali pati nthawi imene ija? Tikanakuuza tikanakuika m'manda."

"Amayi a chigwirizano aja?"

"Ndinawapempha ndine kuti asatsegule pakamwa."

Mwambo umenewo ndimaudziwa, ndipo ndinauchitapo kwa ena. Koma ndi wa masiku awiri kapena atatu, munthu akadali pakati pa moyo ndi imfa. Ine ndinali nditadzuka kalekale, ndikudya ndekha, ndikukangana ndi mbuzi, mudzi wonse ukudziwa za moyo wanga kupatula ine. Amati wakutsina khutu ndi mnansi. Anansi anga onse anandisisita mutu. Zinandiwawa kuposa sitiroko, ndipo ndikunena zoona.

Nditatonthola ndinayang'ananso m'kanyumbamo, ndipo m'pamene ndinazindikira chomwe chinalibemo. "Nanga makina anga ali kuti?"

Achemwali anayamba kukonza mpango wawo. "Aaa, za makinazo sindikudziwa bwino. Mwina akadali kuchipinda konkuja."

M'mawa mwake ndinavala, ndinatenga ndodo. Anafuna kundiperekeza koma ndinakana. Ndinakwera minibasi ya m'tauni, kumeneko n'kukweranso ina ya ku Nathenje, kondakitala akundikankha kumbuyo ngati thumba la chimanga. Mwamunayo sindinkamulondola ayi. Ndinali nditamva kale m'mawu a achemwali kuti mkazi wina womuphikira anapezeka, ndipo ndikanamupereka ndi basera. Ndinkapita kukatenga ntchito yanga.

Ndisanafike pagolosale ndinawamva. Makina alionse ali ndi kaliridwe kake, ndipo anga amagogoda pang'ono lamba akamazungulira. Anali pamalo pake penipeni, miyendo ili m'timaenje tija. Pampando panga panali mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, yemwe ndinamuphunzitsa ndine kupinda m'mphepete mwa chitenje, ndipo sanapitirirepo pamenepo. Pachingwe panali mayunifolomu a sukulu, makolala ake onse opotokera mbali imodzi.

Atandiona anaimirira, tepi ili m'khosi. "Alamu! Mwayenda nokha?"

"Ndayenda ndekha. Tasunthani."

Anasuntha. Anthu anayamba kuima, mwini golosale anatuluka ali ndi ndowa ya shuga m'manja. Ndinatsamiritsa ndodo kukhoma, ndinakhala, ndinatenga kansalu kotsala pansi. Ndinaopa kuti thabwa lija linkangondinamiza nalonso. Ndinaika mapazi onse awiri, ndinakankha gudumu ndi dzanja. Phazi lamanja linachedwa kamodzi, kawiri, kenako linagwira. Ndinasoka mzere kuchokera uku mpaka uko, ndinatembenuza nsalu, ndinasoka wina pambali pake. Mizereyo inali yowongoka yonse iwiri. Ndinadula ulusi ndi mano, ndinaipereka kwa mwini golosale, amene anaiyang'ana nthawi yaitali ngati kalata yochokera kutali. Palibe anaomba m'manja.

"Ndabwera kudzatenga makina anga," ndinatero.

Mlamu wanga si munthu wankhanza, ndi wamantha chabe. Anagwada pafupi nane kuti anthu asamve. "Alamu, ine sindinabe. Achimwene anafuna kuwakweza pagalimoto limodzi ndi katundu yense uja. Anawatulutsa kale panja. Amene anakana ndi achemwali anu, atabwera kuno kudzalandira katunduyo, pamaso pa ankhoswe onse awiri. Anati, 'Makinawo atsale, uyu sadzasokanso. Kwathu angomupweteketsa mtima akamawaona.' Ndiye ankhoswe anagamula kuti ndiwatenge ine kuti asachite dzimbiri. Ngati mukuwafuna, nkhaniyi ibwererenso kwa iwowo."

Ndinamufunsa kawiri kuti anena ndani. Anabwereza mawu omwewo.

Ndikanatha kutukwana, ndipo pakamwa panga panali patawongoka mokwanira. Koma ndikanatukwana ndani? Amene anandiweruza sanali pakhondepo. Anali ku Mitundu, mwina akunditenthetsera madzi osamba. Munthu yemweyo amene ankandimangira phazi pathabwa anali atanena kale pamaso pa anthu kuti sindidzasokanso, ndipo m'mawa uliwonse ankadzuka kudzandichemerera pa chinthu chomwe iye mwini sankachikhulupirira. Ankandisangalatsa ngati mwana amene wapatsidwa chitsononkho kuti abereke.

Ndisanaimirire ndinapisa dzanja pansi pa makina, ndinatulutsa kachitsulo kokhalamo bobini ya ulusi wapansi, ndinakamanga pansonga ya chitenje. Matelala timatero tikamaweruka kuti wina asasokere makina athu. Ndinkadziwa kuti mawa lake akagula kena kumsika, ndipo anakaguladi. Koma tsiku limenelo pa Nathenje palibe anasokera makina anga pambuyo panga.

Mpaka lero makinawo ali komweko. Amalume akuti nkhani yomwe akuluakulu anaimanga simasulidwa mothamanga. Poyamba anati tidikire akolole, kenako nkhoswe inayo inadwala, tsopano akuti ana abwere kaye. Sukulu zatsegulira kawiri chichitikireni zimenezi. Ndimasokera pamakina a mayi wina kumsika wa Mitundu masiku omwe iye wapita kumunda, ndipo makasitomala amanditcha agogo othandizira.

Tsiku lija ndinafika ku Mitundu dzuwa litapendeka. Achemwali anali pasiteji, ataima padzuwa, ndipo wogulitsa nthochi anandiuza pambuyo pake kuti anafika pamenepo masana asanakwane, akusuzumira m'minibasi iliyonse. Atandiona pawindo anadziwa kuti ndamva zonse. Sanapepese, sanafunse kanthu. Anangobwera pakhomo la minibasi natambasula dzanja kuti nditsike.

Ulendo wonse ndinali nditakonza mawu oti ndiwauze, ndipo ndinalumbira kuti dzanja limenelo sindidzaligwiranso. Koma sitepe ya minibasi ndi yaitali, mwendo unali utatheratu mphamvu, ndipo kondakitala ankamenya bodi ya galimotoyo kuti mayi fulumirani. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati pali wina woti andigwire. Panalibe. Ndinaligwira, ndipo anandilandira ndi thupi lonse monga ankachitira pondichotsa pabedi. Tinayenda mpaka kunyumba nditawatsamira, ndikuwada ndi mtima wanga wonse.