Kuthyola Mpanda ku Blantyre

Pa esiteti ya tiyi sapempha ofu nyengo ya mvula. Tsamba likamaphuka, ngakhale malungo amadikira kuti uyambe wapimitsa dengu lako pa sikelo. Ndiye ulendo wathu wa ku Blantyre unadikira mpaka Julaye, tiyi atazizidwa ndi chiperoni n'kusiya kukula. Ndinapita kwa akapitawo kukapempha Loweruka limodzi lokha. Anandipatsa, koma nkhope ili gwaa: "Lolemba m'mawa ndikupezeni pamzere. Mukajomba, nyumba mukukhalayo alipo ambiri akuifuna."

Ulendowu unali wa amayi. Anathyola tiyi kuyambira ali mtsikana mpaka msana unakana, ndipo atapuma anadzakhala ndi ine m'nyumba ya kampani, kumalaini. Moyo wawo wonse tsamba lawo linkakwera malole kupita ku Limbe, koma eni akewo malire awo anali Goliati ndi pa Boma. Chaka chimenecho maso awo anayamba kuchita nkhungu. Kukiliniki anatiuza mosabisa kuti ndi nthenda yosabwerera m'mbuyo. Tikutuluka sanadandaule. Anangoti, "Iwe, undiperekeze ku Blantyre ndikaoneko masowa asanazime."

Nkhaniyi itamveka kumalaini, aliyense anasanduka mwini tauni. Dalaivala wa thirakitala yonyamula tsamba anati tikayambire pa tchalitchi chakale cha njerwa kumishoni, ndipo tikalowe mkati, osangozungulira panja. Mayi wina wachisilamu amene ndinkagula sopo pa golosale yake ku Goliati anati tisaphonye sitima yakale yamalasha imene anaiimika ku Chichiri, komanso chikwama tikachifungatire kutsogolo ngati mwana wodwala. Mlonda wa kufakitale, amene ndikukayika ngati anapitirirapo pa Bvumbwe, ndiye anali ndi malamulo ambiri kuposa onse: osapereka moni kwa aliyense, osayang'ana nyumba zosanja kukamwa kuli yasa, osawoloka msewu loboti isanakuloleni. Koma chimene chinawagwira mtima amayi chinali chikepe. Anamva kuti kuli kachipinda kamene umalowamo, chitseko n'kutsekeka chokha, n'kukukweza mpaka pamwamba pomwe tauni yonse imaonekera. Sabata yonse ankandifunsa ngati m'chikepe amalola kulowa ndi nsapato.

Kofikira kunalipo. Msuweni wanga, mwana wa amalume, ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Namiwawa, ndipo ankagona kuboyizikota, kuseri kwa nyumba yaikulu. Mabwana ake sankalola alendo, koma anali atanena kuti wikendi imeneyo apita ku Lilongwe. Tinafika Lachisanu madzulo, iye n'kutilowetsa pageti mabwanawo asanaweruke. Tinakhala pabedi n'kumaseka, amayi akufunsa za ana a kwa amalume mmodzimmodzi. Galimoto ya mabwana italowa, msuweni anathamangira kunyumba yaikulu. Pobwerako nkhope inali itagwa.

"Azakhali, pepani," anatero atagwada. "Tiripi ija aikansela. Sapitanso."

"Ndiye vuto lili pati? Ife tizikayenda zathu, iwo azikhala zawo," ndinatero ine.

"Asuweni, simukumvetsa. Geti ndi limodzi, lili maso ndi maso ndi khonde. Akakhala pakhomo, makiyi amakhala kwa madamu. Akangokuonani, ine jobu yatha lero lomwe."

Apo m'pamene ndinayang'anitsitsa malo amene tinalowawo. Khoma lalitali kuzungulira, waya wamagetsi pamwamba, agalu awiri akulu ngati ana a ng'ombe akuyendayenda kutsogolo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kachipinda ka msuweni kanali ndi zenera limodzi loyang'ana khoma. Pakati pa ife ndi nyumba yaikulu panali mpanda wa timitengo tobiriwira, umene anaubzala kuti mabwana asamaone zochapa za wantchito, ndipo tsopano ndi umene unkatibisa ifeyo.

Loweruka amayi anadzuka m'mamawa, anasamba mwakachetechete, anavala chitenje chatsopano ndi duku la kutchalitchi, nsapato kuphazi, n'kukhala m'mphepete mwa bedi chikwama chili pamwendo. "Akangotuluka pang'ono, ife tinyamuke," anatero. Mabwana sanatuluke. M'malo mwake kunabwera anzawo ndi magalimoto, anayamba kuwotcha nyama pakapinga. Tauni tinkangoimva: mahutala, wailesi ya kutali, kondakitala woitanira anthu kwinakwake kumunsi. Amayi akafuna kutsokomola ankalumira chitenje. Ine ndinapsa mtima, koma wokalipira panalibe. Msuweni akabwera ndi chakudya chobisa m'beseni la zochapa, maso ake anali ofiira kale.

Dzuwa litafika pamutu, amayi anati akuzizidwa. Anatuluka kukaothera pakampata ka pakati pa chipinda ndi mpanda uja, pomwe munthu wamfupi sakanaoneka. Ine ndinatsala mkati, ndagona chagada, ndikuyang'ana malata. Kenaka ndinamva kaphokoso kamene ndingakazindikire ngakhale ndili kutulo: thyo, thyo, thyo.

Ndinawapeza ataima, mimba itagunda mpanda, manja onse awiri akuyenda pamwamba pake. Masamba awiri ndi nsonga, masamba awiri ndi nsonga. Dzanja likadzaza ankaponya kumbuyo modutsitsa paphewa, kumene kumakhala dengu, masambawo n'kumagwera pa chitenje chatsopano ndi pansi. Kumunda timati tchire la tiyi liyenera kukhala ndi tebulo, kutanthauza kuti pamwamba pake pazikhala posalala, popanda nsonga yoposa inzake. Amayi anali atayala kale tebulo kuchokera pakona mpaka pafupi ndi mpopi. Maso sankawagwiritsa ntchito n'komwe. Nkhope inali itayang'ana kumwamba, pakamwa akung'ung'udza nyimbo ya Chilomwe.

Msuweni anatulukira ndi ndowa, n'kutsala pang'ono kuitaya. "Azakhali! Mukutsitsa mpanda! Atiwona! Mundichotsetsa ntchito inu!" anatero monong'ona, misozi ili lengelenge.

Amayi anaima. Anatambasula zikhatho, zala zili zobiriwira, n'kuzibweretsa pafupi ndi nkhope ngati za munthu wina. "Pepa mwana wanga," anatero. "Si ine. Ndi manjawa."

Ndinayamba kuseka, nditatseka pakamwa ndi dzanja kuti ndisamveke, ndipo sindikudziwa pamene kusekako kunasanduka kulira. Ndinawachotsa pa esiteti kuti akaone tauni, ndipo tauniyo inawapatsa munda wina, wopanda ndi sikelo yomwe. Zinandipweteka kwambiri. Tinagwada tonse atatu kutola masamba aja limodzilimodzi, msuweni n'kukawakwirira pansi pa zinyalala.

Lamulungu chiyembekezo chathu chinali chakuti eni nyumba apita kutchalitchi. Mabwana anapitadi, koma geti analikhomera kunja, makiyi n'kupita nawo. Tinaima pakhonde lawo kwa nthawi yoyamba, agalu atatsekeredwa ndi msuweni, n'kumayang'ana chitsulo cha geti. Amayi anasuzumira pakampata ka m'mbali mwake. Ndinawafunsa chimene akuona. Anati msewu wa tala ndi khoma la eni ake ena.

Mpata unapezeka dzuwa litapendeka kale, pamene madamu anatuma msuweni kukagula buledi n'kumupatsa makiyi. Tinadutsa m'mbali mwa nyumba chowerama, nsapato zili kumanja. Mayi wamkulu, wa imvi zake, kutuluka pakhomo ngati wakuba nkhuku! Tili pamsewu ndinati, "Amayi, tisapite lero. Tipeze pogona penapake, mawa m'mawa tikakwere chikepe chija. Akapitawo ndikathana nawo."

"Ukathana nawo bwanji?" anatero. "Akatilanda nyumba, tikagona m'chikepemo? Tiye kwathu."

Mu minibasi yopita ku Limbe anatiika mpando wa kumbuyo, amayi atapanikizika pakati pa ine ndi thumba la makala. Kunja kunali kutayamba chisisira, ndipo nthawi imeneyo maso awo sankagwiranso kanthu. Ndinkawatchulirabe zimene tikudutsa. Iyo wotchi yaikulu ija. Iyo nyumba yosanja. Apa ndi pa Chichiri, sitima ija ili cha uko. Nthawi zonse ankatembenuka titadutsa kale, n'kunena mwaulemu, "Eya, ndaona."

Lolemba ndinali pamzere dengu lili kumsana. Anthu a kumalaini anabwera kudzafunsa za ulendo, ndipo amayi anawabwezera aliyense zake zomwe. Dalaivala uja amayi anamuuza kuti tchalitchi chija n'chachikuludi. Mlonda anamuuza kuti sanapereke moni kwa munthu aliyense, zomwe zinali zoona. Onse anachoka okhutira.

Mvula inabwera, tsamba linaphuka, panalibenso zopempha ofu. Ndinathyola nyengo yonse ndikudikira kuti tiyi azizidwenso. Chiperoni chitabwerera, ndinapitanso kwa akapitawo, ndipo ulendo uno anandipatsa ndi Lolemba lomwe. Kogona ndinali nditapeza kwa mayi wina wa kutchalitchi ku Ndirande, kopanda geti. Ndinathamanga kuchokera kusikelo mpaka kunyumba, ndinalowa n'kukhala pansi pafupi ndi mphasa yawo, ndikupuma mwawefuwefu, n'kuwauza zonse.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. "Wachita bwino, mwana wanga," anatero. "Upite. Ukaone bwinobwino, udzandiuze."

Ankalankhula akumwetulira, nkhope atalozetsa pakhomo, poganiza kuti ndaima pamenepo.