Mapazi Anga Ankayenda Pansi

Linali Lachinayi, 3 koloko masana, pamene aphunzitsi athu a zosambira anandiloza pamaso pa amayi onse n'kunena kuti, "Awa ndiye akhwima. Mawa tikwera nawo bwato, akasambire pakuya."

Amayi anaomba m'manja. Ine mutu unangoima.

Aphunzitsiwo anali mayi a ku Balaka. Anabwera kwathu ku Chiuta bwato litatembenuka ndi amayi opita ku sikelo. Ndinalembetsa chifukwa nanenso ndimaoloka pabwato ndi mwana wanga mwezi ndi mwezi.

Ankatiphunzitsa kusambira ngati chule. Poyamba tinkagona chafufumimba pamchenga n'kumapalasa, nyanja ili pomwepo, asodzi akuseka. Kenako m'madzi, kugwira chigubu chopanda kanthu kuti miyendo yokha igwire ntchito. Kenako manja okha. Pomaliza zonse pamodzi, kukafika pansungwi imene anazika n'kubwerako, kasanu ndi kamodzi, sabata yotsatira kasanu ndi katatu, kuti chifuwa chizolowere. Ankakuwa kuti, "Kokani, pumani, pondani, dikirani!" Kudikirako sindinkakumvetsa. Munthu uli m'madzi udikire chiyani? Ndikakoka ndinkaiwala kupuma, ndikapuma ndinkamwa madzi.

Nanga chitenje. Anzanga ankavala makabudula a amuna awo n'kusiya zitenje kumtunda. Ine sindikanatha, poti pakati pa asodzi osoka maukonde pagombepo panali apongozi anga aamuna. Chitenjecho chinkandimanga miyendo, chule wake osatheka. Tsiku lina nditatopa ndinatsitsa phazi, ndinaponda matope. Pamenepo si pakuya, ndipo madzi ake sungaone pansi. Kuyambira tsikulo manja ankasambira, mapazi akuyenda. Pansungwi ndinkafika woyamba, wopanda wefuwefu.

Sindinkadziwa ngati kumeneko n'kunama. Palibe anandifunsa. Mapewa ankandiwawa ndithu ngati anzanga, ndiye ndinkati mwina china chake chikulowa.

Pobwerera, alamu anga amene ankandigwirira mwana anati, "Alamu, mwasanduka mlamba! Tikamamira mudzayambe kuvuula ine, achimwene anu pambuyo."

"Iyayi, musatero."

"Nanga nkhope yagweranji? Kapena mukufuna akupatseni ndi mendulo?"

Ndinangolandira mwana n'kumubereka. Njira yonse maganizo anali balala. Ndikaulula, nkhani ikafika mpaka pamsika wa nsomba. Ndikapanda kuulula, pakuya palibe matope oti ndiponde. Mwana anagona kumsanaku, akulemera. Ndinaganiza za tsiku loti bwato latembenuka, iye ali pomwepa, ine mapazi akufunafuna pansi.

M'mawa mwake ndinachotsa kabudula wa bambo ake a mwana pachingwe n'kuvala mkati. Ndinapeza aphunzitsi akumasula zigubu. Ndinagwada.

"Aphunzitsi, pabwato ndisakwere. Ine sindisambira, ndimayenda pansi."

Anandiyang'ana. Kaya anakwiya, kaya ankabisa kuseka, mpaka lero sindidziwa. Anandipatsira chigubu.

"Tiyeni, mayi. Miyendo yokha."

Ndinavula chitenje n'kulowa m'madzi msangamsanga, osacheukira kumaukonde.