Foloko Yodulidwa Mopitirira

Kodi munthu akakulakwira, n'kukupempha m'chilankhulo cha kwanu kuti usadandaule chifukwa kudandaula kwako kumuchotsetsa ntchito, mkwiyo wako uupereke kwa yani? Funso limeneli lidandipeza m'shopu ya njinga kumpoto kwa Joni.

Ndimakhala ku Bertrams, ndipo ku yunivesite kumene ndimaphunzitsa ndimapita pa njinga. Zaka zingapo zapitazo takisi imene ndidakwera idawombana ndi lole, khosi langa n'kuvulala. Lidapola, koma sililola kuti ndiwerame nthawi yaitali. N'chifukwa chake mahandulo a njinga yanga ankakhala m'mwamba, ine n'kumapalasa msana uli chilili.

Foloko yakale ya njingayo, yachitsulo, idapindika nditagwera m'dzenje la pamsewu kufupi ndi Joubert Park. Nditawerenga ndi kufunsa, ndidasankha kugula ya kaboni yokhayokha, chipangizo cholimba koma chopepuka chimene si chitsulo, kuyambira m'miyendo yogwira tayala mpaka kupaipi yolowa m'felemu. Sindidaifunire kupepuka kapena maonekedwe. Kaboni imachepetsa kunjenjemera kwa msewu kusadafike m'manja ndi m'khosi, ndipo misewu ya mumzinda uno ndi yazigamba.

Foloko yatsopano imabwera ndi paipi yaitali, kuti makaniko aidule molingana ndi mwini njinga. Paipi ikatsala yaitali, mahandulo amakwera, ikafupika, amatsika. Ukadula pang'ono ungathe kudzadulanso mawa. Ukadula mopitirira palibe chobwezera, pakuti kaboni siwotchereredwa ngati chitsulo. Ndidadziwanso kuti opanga ake amaika malire a utali umene paipi ingatsale pamwamba pa felemu. Ndidayeza malirewo, n'kumata selotepi yofiira pamalo oyenera kudula, osapitirira zimene iwo amalola.

Nditapita nazo kushopu ija, mwini shopu, mzungu wothamanga mipikisano ya njinga, adandimvetsera akuyang'ana foni. Ndidamufotokozera za khosi langa m'Chingerezi chosasowa kanthu. Adagwedeza mutu, n'kuitana makaniko wake. Makanikoyo anali bambo wachikulire, wa imvi za apo ndi apo, ndipo atangomva katchulidwe kanga adandifunsa kwathu. Iwo anali a ku Ntcheu, amakhala ku Kya Sand, ndipo ankadzuka mbandakucha kuti apeze takisi. Tidacheza za mvula ya kumudzi, adandiseka kuti munthu wophunzira chotere ndikulimbana ndi njinga ngati wa kabaza. Ndidabwereza malangizo anga onse m'Chichewa, chala chili pa selotepi. Adati amva. Ndidachoka mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti njinga ndaisiya m'manja mwa munthu wakwathu.

Nditabwera kudzaitenga Loweruka, ndidaona ndili pakhomo kuti mahandulo atsika. Paipi idadulidwa pafupifupi zala ziwiri pansi pa chizindikiro changa. Kachidutswa kodulidwako kanali m'bini pafupi ndi tebulo logwirira ntchito, selotepi yofiira ikadali pomwepo. Ndidakatola. Sikuti munthu adalephera kuona chizindikiro. Adachiona, n'kuika sowo pena.

Mwini shopu anali kutsogolo ndi kasitomala wina. Ndisadatsegule pakamwa, abambo aja adandigwira mkono, n'kundikokera kuseri kwa matayala opachikidwa.

"Achimwene, chonde musakweze mawu," adatero. "Abwana ndi amene adati njinga yotuluka muno isaoneke ngati yoperekera katundu, ndidule pansi. Koma mukawafunsa akana, anena kuti ndine. Lolemba sindidzabweranso pano."

Ndidawafunsa chifukwa chimene sadandiimbire foni asadadule, popeza nambala yanga anali nayo. Adayang'ana pansi, n'kunena kuti wantchito saimbira kasitomala kuseri kwa bwana wake. Adaonjeza kuti mapepala awo okhalira m'dziko lino ali m'njira, kuti ana awo ali pasukulu kumudzi, kuti ife a Malawi kunja kuno timasungana.

"Abambo," ndidatero, "khosi ndi langa."

Adavomera kuti n'zoona.

Chimene chidandikwiyitsa kwambiri si kutayika kwa foloko. Ndidalankhula momveka, kawiri, m'zilankhulo ziwiri, za thupi langa lomwe, ndipo mawu anga adalemera pang'ono kuposa maganizo a munthu wina pa kaonekedwe ka njinga. Kenaka, pamene ndidali ndi ufulu wonse wofuna kuti cholakwacho chikonzedwe, ufuluwo udamangiriridwa ku ntchito ya nkhalamba. Mwini shopu sadafunikire kudziteteza. Adangoika pakati pa iye ndi ine munthu amene sindikadatha kumukankha. Sindikhulupirira kuti adachita kukonza zimenezi. Ntchito za mumzinda uno zidakhazikika motero, kuti wolamula asakhale pafupi ndi sowo.

Koma ndikhala wosaona mtima ndikanena kuti abambo aja ndidawakhululukira. Iwo adamva za ngozi yanga m'mawu amene sakadawaphonya. Adali ndi masiku oti andichenjeze, ndipo adasankha kudikira mpaka nditaona ndekha, podziwa kuti mwana woleredwa kwathu sangachititse manyazi munthu wamkulu pamaso pa mlendo. Ulemu umene adandiphunzitsa makolo anga udagwira ntchito yotseka pakamwa panga, ndipo iwo adadziwa kuti utero.

Ndidakankha njinga n'kudutsa pa kauntala. Mwini shopu adaiyang'ana, n'kunena kuti tsopano ikuoneka bwino. Ndidangotuluka nayo.

Shopu ina idandiikira kachitsulo kogwira mahandulo kopendekera m'mwamba. Kadabweza gawo la utali wotayika, osati wonse. Foloko ikugwiradi ntchito yake, msewu sundigwedeza monga kale, koma ndikamafika pachitunda chomaliza chopita kuntchito khosi limakhala litayamba kuuma, ndipo masiku ena ndimatsika n'kuyenda pansi.

Patapita miyezi ndidabwerera kushopu yoyamba ija, nditatsimikiza mtima kufunsa mwini wake modekha ngati adalamuladi zimenezo. Pa tebulo lija padali makaniko wina. Mwini shopu adati sakukumbukira njinga yanga, ndipo za abambo a ku Ntcheu adangoti adasiya ntchito. Kaya adachotsedwa, kaya adachoka okha, kaya zimene adandiuza kuseri kwa matayala zinali zoona, palibe amene ndingamufunse.