Moto wa alamu m'munda mwanga wa nandolo

Munda umene anandisiyira amayi uli pamtsetse, m'munsi mwa phiri kwathu kwa Nazombe. Chaka ndi chaka mvula inkagumula mizere n'kukokolola nthaka. Nditatopa ndinamvera alangizi a zaulimi. Ndinasiya kuunga mizere, ndinayala mapesi munda wonse, chimanga ndi nandolo n'kumabzala pongoboola pansi. Mapesi anga sanakwane. Ena ndinkachita kusenza kuchokera kumunda kwa mnzanga wa kutchalitchi, njira yokwera yokhayokha, mpaka khosi kuuma.

Anthu ankandiseka kuti ndikuweta chiswe. Pofika chaka chachitatu dothi linali lakuda ndi lofewa, nandolo anandipitirira msinkhu.

Tsiku lina mu Ogasiti, nandolo atauma, ndinapalasa njinga kupita ku Chiringa kukagula matumba. Pobwerera ndinaona utsi ndikadali kutali. Njinga ndinaisiya panjira. Ndinapeza munda wonse uli bii, makoko a nandolo akuthetheka. M'mphepete munaima alamu anga, amuna a mng'ono wanga, khasu paphewa, kathumba ka mbewa m'manja.

Anati iwo anayatsa tchire kuti aone mauna a mbewa, mphepo ndiyo inabweretsa moto kuno. Kenaka anawonjezera kuti munda wa zinyalala ngati umenewu ukanapsabe tsiku lina.

"Zinyalala?" ndinawafunsa. "Inuyo munasenzako ngakhale phesi limodzi?"

Anatulutsa mbewa ziwiri kuti ndikachite ndiwo. Ndinaziponya paphulusa.

Amalume, eni mbumba, anatiitana tonse. Anayankhula nthawi yaitali m'Chilomwe, koma mfundo yake inali imodzi: mkamwini ndi bambo wa ana athu, tisamuchititse manyazi, angopepesa. Alamu anapepesa akuyang'ana kumbali. Za nandolo palibe anatchula. Mng'ono wanga anakwiyira ine, akuti ndachititsa manyazi amuna ake pagulu chifukwa cha mapesi chabe.

Mvula yoyamba inapeza nthaka ili pamtunda. Madzi anatsika akuda, n'kusiya ngalande pakati pa munda. Chaka chimenecho ndiwo za nandolo tinkachita kupempha.

Mapesi ndinayalanso, ndipo tsopano ndimalambula kuzungulira munda wonse chilimwe chisanafike, kuti moto usalowenso. Alamu amadutsabe pamenepo popita kukatola nkhuni. Akandipatsa moni ndimayankha ndili chiweramire.