Chigoli cha Valdir chimene sindinajambule

Valdir, wosewera mpira wa ku Brazil amene ndinkakhala naye nyumba imodzi ku Ilford, anali atasewerapo ku Malta, ku Thailand ndi ku Finland. Panthawiyo ankasewera kutsogolo m'katimu ka ligi yaing'ono, bondo lili lomanga. Timu ina ya ku Cyprus inafuna kuona kanema wa kaseweredwe kake isanamulembe, ndipo iye anandipempha kuti ndikamujambule Loweruka.

"Iwe unali mtolankhani kwanu, palibe chingakudutse," anatero.

Ndinavomera monyada. Koma Lowerukalo kunazizira koopsa, zala zanga mpaka kuchita dzanzi pa foni. Chigawo chachiwiri chili mkati, ndinazemba kukagula tiyi ndi tchipisi. Ndikuthira viniga, ndinamva bwalo lonse likufuula dzina lake. Anali atagoletsa ndi mutu, chigoli chake choyamba chaka chimenecho.

Mpira utatha anandithamangira, matope ali thupi lonse. "Wachijambula? Ndionetse!"

"Foni inatha moto," ndinayankha, ndikubisa zala zamafuta m'thumba. Foniyo inali ndi moto wokwanira kujambula ukwati wonse.

Anangopukusa mutu, n'kundisisita paphewa ngati woferedwa ndine. Kanema amene tinatumiza anali wa bambo wotopa akuthamangathamanga m'matope, ndipo a ku Cyprus sanayankhe.

Pano Valdir amaphunzitsa ana mpira ku Lewisham. Pa Khirisimasi anandipatsa mphatso yokutidwa bwino. Nditatsegula ndinapeza pawabanki, kabatire koyenda nako kotchajira foni.

"Kuti zisadzakuchitikirenso, m'bale wanga," anatero.

Ndimaigwiritsa ntchito tsiku lililonse, ndipo za tchipisi zija sindinamuuzebe.