Tsiku Limene Ba Robson Anaulula za Ng'ombe

Ku Malota kunalibe amene sankawadziwa Ba Robson, kalaliki wa kunjanji amene ankabweza malaya chifukwa cha kakhwinya kamodzi pakolala. Akazi awo, Ba Tionenji, anasita malayawo zaka makumi awiri akung'ung'udza chamumtima. Ana nawo sankapuma. Lister, mwana wawo wamkazi woyamba kubadwa, akapeza 98 pamayeso, bambo ankafunsa kuti, "Nanga awiriwo wapatsa ndani?"

Ndiye mu 1994 Lister anabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite ku Lusaka, atanyamula kalata yoti amusankha kukaphunzira udokotala. Ba Tionenji analuluta mpaka agalu kuuwa. Koma mtsikana uja anakana kusaina, akuti m'kemisitiri anapeza B.

"Munthu wa B angaphe odwala, amama," anatero. "Nizaphunzira za laibulale. Buku silifa."

Kalatayo inkayenera kuponyedwa ku positi pofika Lachisanu, apo ayi malo apita kwa wina. Ba Robson anakalipa Lolemba, anakalipanso Lachiwiri, mwana osasainabe. Lachinayi Ba Tionenji zinawakwana. Anawapeza amuna awo pakhonde.

"Mwana uyu munamupotoza ndimwe. Muuzeni za ng'ombe zija."

"Ng'ombe ziti?"

"Musanifunse! Mukakana nimuuza neka, mokweza, aneba athu Ba Florida amve kumpanda uko. Mawa tauni yonse izaziba."

Ba Robson anayang'ana kumpanda, n'kuona duku la Ba Florida likusuntha kale. Anamuitanira Lister m'nyumba, natseka ndi mawindo omwe. Kenako anaulula chapansipansi kuti mu 1978 analemba pepala molakwika, ndipo bogi ya sitima yodzaza ng'ombe zopita ku Lusaka inabwerera ku Mulobezi komwe zinachokera.

"Imwe, atate?" Lister anatong'ola maso. "Zinafa?"

"Zinangoonda."

"Sanakupitikitseni nchito?"

"Patapita zaka zitatu anandikweza."

Lister anaseka mpaka kukhala pansi. Atapukuta misozi anapempha bolopeni, n'kusaina.

Ba Robson anatenga kalatayo, naiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsokomola.

"Koma dzinali lapendekeka, latuluka pamzere. Mwina tikapemphe fomu ina..."

Sanamalize. Ba Tionenji anatsomphola kalata ija n'kuipisa m'bulauzi, ulendo wa ku positi wapansi, patapata wina wawo wina wa amuna awo, akulankhula okha msewu wonse.